Tinti wa mawindo a nyumba: wakuda, wakalilole, wa ceramic kapena wolimbitsa galasi?

Anthu ambiri akafuna tinti wa panyumba amangouza womata kuti, "Mundimatire wakuda kwambiri." M'maganizo mwawo kuda kumeneko kuletsa kutentha, kutchinga maso a odutsa m'njira, mwinanso kugonjetsa mbala. Izitu ndi ntchito zitatu zosiyana, ndipo palibe pepala limodzi limene limazigwira zonse bwinobwino. Tinti wakuda bii akhoza kulowetsa kutentha kochuluka kuposa wina wooneka ngati palibe chomwe chamatidwa. Wotchinga maso masana amakuonetsani poyera usiku. Wolimbitsa galasi, nthawi zambiri, sachepetsa kutentha n'komwe. Choncho musanafunse mtengo, dziwani vuto limene mukulimbana nalo, windo limene lili ndi vutolo, komanso mtundu wa galasi limene lili pawindopo.

Manambala oyenera kufunsa

Matinti onse amapangidwa ndi pulasitiki yopyapyala ya polyester, yokhala ndi guluu mbali imodzi ndi kachikopa koteteza kukalika mbali inayo. Kusiyana kwake kuli pa zimene anaika pakati. Makampani odziwika monga 3M, LLumar, SunTek ndi Solar Gard amalemba manambala a tinti aliyense, ndipo awiri mwa manambalawo ndi ofunika kwambiri.

Yoyamba ndi VLT, imene imanena kuchuluka kwa kuwala kolowa m'nyumba. Galasi loyera la mamilimita 3 kapena 4 limalowetsa pafupifupi 90%. Tinti wa VLT 70 sadziwika kuti alipo, wa 35 amaoneka kuti wamatidwa koma m'nyumba mumawalabe, wa 20 amadetsa chipinda, ndipo wa 5 amakakamiza kuyatsa getsi masanasana. Yachiwiri ndi TSER, imene imanena gawo la mphamvu yonse ya dzuwa limene silikulowa. Nambala ya kutentha ndi imeneyi. Galasi lopanda kanthu limabweza pafupifupi 15% yokha.

Chifukwa chake manambala awiriwa sayendera limodzi n'chakuti mphamvu ya dzuwa si kuwala kokha. Pafupifupi theka lake ndi cheza cha infrared chimene maso saona koma khungu limachimva, gawo lina lalikulu ndi kuwala kooneka, ndipo kagawo kakang'ono kosafika 5% ndi cheza cha UV. Apa m'pamene ogulitsa ena amasokonezera anthu. Amanena kuti tinti wawo amatchinga infrared ndi 90% kapena kuposa, koma nambala imeneyo nthawi zambiri imayezedwa pa kachigawo kochepa ka chezacho. Tinti yemweyo TSER yake ikhoza kukhala 50. Ya UV nayo isakukopeni: pafupifupi tinti aliyense wabwino, ngakhale woyera mbee, amatchinga 99% ya UV. Zimenezi zimathandizadi kuti sofa, makatani ndi matabwa zisasuluke msanga, koma sizithetseratu vutolo chifukwa kuwala ndi kutentha nazonso zimasulutsa zinthu.

Si windo lililonse lofunika kumata

Ku Lilongwe dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndiponso chapakati pa Febuluwale. Ndiye kuti m'miyezi yotentha kwambiri ya Okutobala ndi Novembala, masana dzuwa limaomba denga osati makoma. Mawindo amene amavutika ndi oyang'ana kum'mawa m'mamawa, ndipo koposa onse oyang'ana kumadzulo kuyambira cha m'ma 2 koloko masana mpaka dzuwa kulowa. Oyang'ana kumpoto amalandira dzuwa mu Juni ndi Julayi, nthawi imene anthu a ku Dedza ndi ku Mzuzu amalifuna kwambiri, choncho kuwamata tinti wamphamvu n'kudzizizritsira nyumba pachabe. Oyang'ana kummwera salandira dzuwa lambiri chaka chonse. Kwa amene ali ku Britain zinthu n'zotembenuka, mawindo otentha ndi oyang'ana kummwera ndi kumadzulo.

Tiyerekeze windo la kumadzulo la mamita 1.2 m'lifupi ndi 1.5 m'litali, lomwe ndi masikweyamita 1.8. Dzuwa la chakumadzulo likamaomba ndi mphamvu ya mawati 600 pa sikweyamita, galasi loyera lilowetsa mawati pafupifupi 900, ngati kuti mwasiya ayironi yoyaka pabalaza. Tinti wa TSER 50 atsitsa nambalayi kufika cha m'ma 540, ndipo wa TSER 78 aitsitsa kufika cha m'ma 240.

Koma pali chinthu chimene womata tinti sangakuuzeni. Ngati nyumba ili ya malata opanda siling'i, kutentha kochuluka kukuchokera kudenga, ndipo ndalama ya tinti ikanagwira ntchito yaikulu ikanapita ku siling'i ndi zotchingira kutentha pansi pa malata. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene anthu amatsekula mawindo tsiku lonse kuti mphepo ipite, tinti amene ali pa windo lotsekula sakutchinga chilichonse.

Tinti wa utoto

Uyu ndiye wotsika mtengo ndipo ndi amene amapezeka kwambiri kwa omata magalimoto. Ali ndi utoto wakuda umene umamwa kuwala. Amachepetsa kuthobwa m'maso, amathandiza kuti TV ndi kompyuta zioneke bwino masana, koma pa kutentha ndi wofooka: TSER yake imakhala pakati pa 30 ndi 45 ngakhale ali wakuda kwambiri. Popeza amamwa dzuwa m'malo molibweza, galasi limatentha ndipo mbali ina ya kutenthako imalowabe m'chipinda.

Mavuto ake amadziwika ndi aliyense amene anaonapo galimoto yakale ya tinti. Utoto umawonongeka ndi dzuwa n'kusanduka wapepo, guluu amafooka, pepala limatuluka matuza. Wotchipa kwambiri amatha kuyamba zimenezi pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu. Komanso dziwani kuti tinti wa galimoto anapangidwira magalasi a m'mbali mwa galimoto, amene ndi ootchedwa kuti alimbe ndipo amapirira kutentha. Galasi wamba la panyumba silili choncho, ndipo tinti wa galimoto wakuda kwambiri ndi amene amaling'alula kawirikawiri. Ngati vuto lanu ndi kuthobwa kokha m'chipinda chimodzi ndipo thumba n'lopepuka, tinti wa utoto wa VLT 35 angakuthandizeni. Pa china chilichonse ndi ndalama yotaya.

Palinso wa carbon, amene amaoneka wakuda mofanana koma sasanduka wapepo ndipo amatchinga kutentha pang'ono kuposa wa utoto. Ndi wabwinopo, ngakhale kuti ambiri amene ali pamsika ndi a galimoto.

Tinti wakalilole

Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kwambiri, kawirikawiri aluminiyamu, kamene kamabweza dzuwa lisanalowe. Pa nkhani ya kutentha palibe womuposa poyerekeza ndi mtengo wake. Wotchedwa Silver 20 amafika TSER yoyandikira 80, ndipo Silver 35 amakhala cha m'ma 65 mpaka 70. Chifukwa amabweza kwambiri kuposa mmene amamwera, satenthetsa galasi ngati wa utoto wakuda mofanana naye. Pa windo lalikulu la kumadzulo limene limasandutsa balaza kukhala ng'anjo, uyu ndiye woyamba kumuganizira.

Anthu ambiri amamugulira kuti asaonekere kunja, ndipo apa m'pamene amakhumudwa. Kalilole amaonekera mbali imene kuli kuwala kochuluka. Masana kunja n'kowala, choncho wodutsa amangodziona yekha. Usiku mukayatsa getsi zimatembenuka: inu mukuona chithunzi chanu pagalasi, pomwe munthu amene waima mumdima panja akuona zonse za m'nyumba, ndipo inu simukumuona. Palibe tinti woonekera mbali imodzi usana ndi usiku, ndipo amene akukulonjezani zimenezo akunama. Makatani adzafunikabe.

Zovuta zina n'zakuti kachitsulo kaja kamafooketsa netiweki ya foni ndi Wi-Fi, makamaka ngati mwamata nyumba yonse pamalo pamene netiweki ili kale yoperewera. Amathanso kuthobwa oyandikana nawo nyumba. M'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ya mchere monga Beira ndi Durban, m'mphepete mwa pepala mumayamba kudyeka ngati sanamatemo mankhwala otsekera. Kwa amene sakonda maonekedwe a kalilole m'nyumba usiku, pali mtundu wotchedwa dual reflective umene umanyezimira kwambiri kunja koma pang'ono mkati.

Tinti wa ceramic ndi anzake oyera

Awa amasankha cheza choti atchinge. Amalowetsa kuwala kochuluka n'kuletsa infrared yambiri, ena pogwiritsa ntchito tizidutswa tating'onoting'ono ta ceramic, ena monga 3M Prestige pogwiritsa ntchito timapepala tambirimbiri tosanjikizana topanda chitsulo. Wa VLT 70 amafika TSER ya cha m'ma 50, ndipo akakhala wakudako pang'ono, VLT 40, amafika cha m'ma 60. Sasokoneza foni, sachita dzimbiri, sasintha mtundu, ndipo nyumba imaonekabe mmene inalili.

Onani kuti manambalawa ndi otsika kuposa a Silver 20. Ceramic saposa kalilole pa kutchinga kutentha, chimene amapambana nacho n'chakuti amatchinga kutentha popanda kukulandani kuwala. Zimenezi si nkhani yaing'ono m'nyumba ya mawindo ang'onoang'ono, kapena kumene magetsi amathimathima, chifukwa chipinda chodetsedwa ndi tinti wa 20 chimakhala mdima kukangochita mitambo. Mtengo wake umakhala kawiri kapena katatu poyerekeza ndi wakalilole, ndipo pamsika pali ambiri olembedwa kuti ceramic amene ali a utoto wamba. Pemphani pepala la manambala lochokera ku kampani yopanga, yang'anani dzina pabokosi la mpukutu, ndipo tengani kachidutswa mukakaike pagalasi padzuwa, dzanja lanu kuseri. Matinti ena a ceramic amamwa kutentha kwambiri m'malo mokubweza, choncho kuyera kwake sikutanthauza kuti galasi silingang'aluke.

Kubafa ndi kuchimbudzi nkhani ndi yosavuta. Tinti woyera ngati chifunga amatchinga maso usana ndi usiku, amalowetsa kuwala kwambiri, ndipo n'ngotsika mtengo. Pa kutentha sathandiza kwenikweni. Kwa a lendi pali wina wopanda guluu amene amangokakamira pagalasi ndipo amasendeka osasiya chipsera, koma sakhalitsa. Ku mayiko ozizira kulinso wa low-E wobwezera kutentha kwa m'nyumba mkati momwemo, amene kuno sagwira ntchito yokwanira mtengo wake.

Pepala lolimbitsa galasi

Ili ndi nkhani ina. Tinti wa dzuwa amakhala wochindikala mamaikironi 40 mpaka 50 (mamaikironi 1,000 ndiwo milimita imodzi), pomwe pepala lolimbitsa limayambira pa mamaikironi 100, amene ogulitsa amati 4 mil, kenako 200 amene ndi 8 mil, mpaka 300 ndi kuposa. Amene anakhalako ku Johannesburg amalidziwa pa magalimoto ndi dzina lakuti smash and grab. Silipangitsa galasi kusasweka. Galasi limaswekabe, koma zidutswa zimakakamira papepala m'malo mogwa ngati mipeni.

La mamaikironi 100 ndi lokwanira kuteteza anthu kuti asachekedwe, ndipo pamenepa ndi lofunika kwambiri: pa zitseko za galasi, pa mawindo ofika pansi, ndi paliponse pamene ana amathamangira. Mwana akagunda galasi wamba la mamilimita 4 akhoza kuchekeka mitsempha ya pamkono kapena pamwendo. Funsani ngati pepalalo linayezedwa pa muyezo wa EN 12600 wa ku Ulaya kapena SANS 1263 wa ku South Africa.

Pa nkhani ya akuba pamafunika la mamaikironi 200 kupita m'mwamba, ndipo ngakhale pamenepo ntchito yake ndi kuchedwetsa basi. Wakuba amene akanaswa n'kulowetsa dzanja kamodzin'kamodzi amayenera kumenya mobwerezabwereza ndi phokoso lalikulu. Muyezo wake ndi EN 356, umene pa mlingo wotsika kwambiri amagwetsera mpira wachitsulo wa makilogalamu 4.11 katatu kuchokera pa mamita 1.5. Chipolopolo silitchinga, zivute zitani.

Cholakwika chachikulu chimachitika m'mphepete. Pepala likangomatidwa pagalasi lokha osalumikizidwa ku felemu, galasi losweka limatuluka lonse ngati chinsalu chimodzi munthu akalikankha ndi phazi. Pa mafelemu achitsulo amene galasi limagwiridwa ndi putty wouma wa zaka zambiri, zimenezi zimachitika mosavuta. Kuti ligwire ntchito, m'mphepete monse muyenera kupakidwa silikoni wolimba wa zomangamanga monga DOWSIL 995, wogwira pepala ndi felemu mamilimita osachepera 10 mbali iliyonse, kapena kupanidwa ndi timizati tomangidwa ndi masikuluu. Silikoni wa kubafa sakwanira. Pa mawindo a louvre musataye ndalama n'komwe, chifukwa wakuba amangopinda tizitsulo n'kusolola magalasi limodzilimodzi.

Ngati mukumanga kumene kapena mukusintha magalasi, galasi la laminated la mamilimita 6.38, lomwe ndi magalasi awiri a mamilimita 3 omatidwa ndi pulasitiki pakati, limagwira ntchito yomweyi bwino kwambiri ndipo silikalika kapena kusendeka. Pepala ndi la amene ali kale ndi magalasi ndipo safuna kuwachotsa. Zitsulo za pawindo zimatchingabe akuba kuposa pepala lililonse. Koma nyumba ya zitsulo pa windo lililonse kuwonjezerapo galasi losabooleka ndi msampha moto ukabuka, choncho chipinda chilichonse chogona chikhale ndi njira yotulukira imene aliyense m'nyumbamo akuidziwa.

Kodi galasi lanu lipirira?

Galasi limang'aluka pamene pakati pake patentha n'kufutukuka koma m'mphepete, mobisika mu felemu, mukadali mozizira. Mng'alu wotere umadziwika: umayambira m'mphepete, umatuluka mowongoka kwa masentimita angapo, kenako umakhotakhota, ndipo palibe pamene panagundidwa. Chiopsezo chimakula ngati tinti amamwa kupitirira theka la mphamvu ya dzuwa, ngati m'mphepete mwa galasi munabenthuka polidula, ngati mthunzi wa khonde kapena wa mtengo umaphimba theka la windo, kapena ngati makatani olemera agundana ndi galasi n'kutsekera mpweya wotentha.

Galasi la toughened, lija lootchedwa kuti lilimbe, limalandira tinti aliyense. Galasi lokhala ndi waya mkati, lochindikala kwambiri, kapena limene linabwera kale ndi mtundu wa bronze kapena grey, lisamatidwe tinti wakuda. Galasi la maluwamaluwa limamatika mbali yosalala yokha. Pa pulasitiki ya perspex kapena polycarbonate tinti wamba amatuluka matuza chifukwa pulasitikiyo imatulutsa mpweya ikatentha. Mawindo a magalasi awiri, ofala ku Britain, amafuna kusamala kwambiri: tinti womatidwa mkati amatenthetsa galasi lamkati ndi mpweya wa pakati, ndipo makampani ambiri a mawindo amathetsa chitsimikizo chawo mukamata. Kumeneko tinti womata kunja ndiye woyenera, ngakhale kuti amatha msanga ndi mvula ndi dzuwa.

Mthunzi wa kunja nthawi zonse umaposa tinti, chifukwa dzuwa limaimitsidwa lisanakhudze galasi. Khonde lotambalala limathandiza kumpoto, koma kumadzulo dzuwa limabwera chopendekera n'kulowa pansi pa khondelo, choncho kumeneko kumafunika mtengo, mpanda wa zomera zoyanga kapena chotchinga choimirira. Makatani amaletsa kuwala koma kutentha kumakhala kutalowa kale.

Kamatidwe kake

Tinti wa dzuwa ndi wa chifunga munthu wodekha akhoza kumata yekha. Pepala la mamaikironi 200 lisiyireni odziwa, chifukwa n'lolimba kudula ndipo limafuna mphamvu zambiri pofinya madzi. Mipukutu yambiri imakhala mamita 1.52 m'lifupi. Yezani galasi lililonse palokha, jambulani mmene zidutswa zikwanire pa mulifupi umenewu, ndipo wonjezerani 10% mpaka 15% ya zotayika.

Mufunika botolo lopopera, squeegee ya mphira (chokankhira madzi pagalasi), kakhadi kolimba ka pulasitiki, mpeni wa lezala wothyola nsonga, chopalira galasi ndi nsalu yosasiya ulusi. Mu lita imodzi ya madzi ikani madontho 6 mpaka 10 a shampu wa ana. Madzi a pamjigo okhala ndi mchere amasiya madontho oyera pansi pa pepala, choncho gwiritsani ntchito osefa kapena a m'botolo. Sopo akachuluka guluu sagwira, akachepa pepala limakakamira musanaliwongole.

Matani m'mawa kapena pamene windolo lili pamthunzi, galasi lili lozizira, ndipo tsekani zitseko, zimitsani fani. M'nyengo ya fumbi wazani kamadzi pansi kaye. Tsukani galasi, lipaleni lili lonyowa kuti penti ndi simenti zichoke, tsukaninso, ndipo pukutani felemu chifukwa dothi lambiri limatsika kuchokera kumeneko. Kamchenga kamodzi kamasiya kathuza koyera kamene sikadzachoka. Dulani pepala lokulirapo ndi masentimita 2 mpaka 3 mbali zonse. Kuti musende kachikopa ka kuguluu, matani selotepi mbali zonse ziwiri za ngodya imodzi n'kukoka, wina akupopera madzi paguluupo pamene mukusenda. Nyowetsani galasi kwambiri, ikani pepala mkati mwa nyumba, poperaninso pamwamba pake kuti squeegee iterereke, ndipo kankhani madzi kuchokera pakati kupita m'mbali, kuyambira m'mwamba.

Podula siyani kampata ka mamilimita 1.5 mpaka 2 pakati pa pepala ndi felemu. Pepala lokwera pa putty kapena pa mphira limayamba kusendeka pomwepo ndipo limakoka dothi. Thyolani nsonga ya lezala pafupipafupi, chifukwa yobuntha imang'amba pepala ndi kukala galasi. Mukadula finyaninso kachiwiri mwamphamvu, kenako kulungani khadi m'nsalu n'kumwetsa madzi a m'mphepete.

Masiku oyambirira galasi limaoneka lachifunga ndipo pamakhala timatuza ta madzi. Musatiboole, timauma tokha. Tinti wa dzuwa amatenga masiku pafupifupi 30 kuti agwiriretu, ndipo pepala lochindikala limatha kutenga miyezi iwiri kapena kuposa, makamaka m'nyengo yozizira. Thuza la mpweya kapena khwinya lopindika silidzatha, pamenepo m'pofunika kusenda n'kumata lina. M'masiku 30 amenewa musatsuke. Pambuyo pake tsukani ndi madzi a sopo pang'ono ndi nsalu yofewa, osati nyuzipepala, sitiliwulu kapena mankhwala a ammonia. Tsiku lofuna kuchotsa tinti wakale, mutenthetseni ndi nthunzi kapena chowumitsira tsitsi, kokani pang'onopang'ono kuchokera pangodya, ndipo guluu wotsalira mumunyowetse ndi madzi a sopo musanamupale.